Kapeti ya Timakutu

Anthu amangoti kapeti ndi kapeti, poti sanatupepo zala. Ife ku Lungwena timachapa thumba la feteleza, kenako n'kumalowetsamo tizidutswa ta nsalu ta kwa telala ndi sipoko ya njinga yopinda kunsonga. Kansalu kakatulukira pamwamba kamapindika ngati khutu. Ukasiya timakutu timeneti, kapeti imalimba, ndi yopukutira mapazi pakhomo. Ukatidula ndi sizasi imasanduka ya ubweya, yofewa yoti khanda n'kugonapo. Zochokera ku Joni zija n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko amasoka ndi makina n'kumata guluu kunsi.

Ine Amida ntchito yanga inali yolowetsa. Odula anali Che Enid, anzanga a khomo loyandikana, a ku Anglican, amasiye ngati ine. Dzanja lawo linali lowongoka, pakamwa ndiye ayi. Tsiku lonse ankati timakutu tanga n'tosiyana ngati mano a nkhalamba, ine n'kumawabwezera kuti nyimbo zawo za kutchalitchi ndi zimene zikundisokoneza. Maso anga anachita chifunga kalekale, koma kulowetsa zala zimadziwa zokha. Kudula ndiye kumafuna maso.

Chaka chatha Che Enid anagwa pachitsime, akuti sitiroko. Mwana wawo Basil anadzawatenga kupita nawo ku Monkey Bay, tikusiya kapeti yaikulu ili theka. Ndinaimaliza ndekha pakhonde, ndipo ndinasungulumwa, sindinama. Ndinkapezeka ndikuyankha munthu woti palibe. Mayi wina wa ku boma anaifuna ili yosadula choncho, ine ndinakana. Mumtima ndinkati Che Enid akaona ntchito ikuwadikira, ulesi wa kwa mwana uwathera, abwerera basi.

Ndiye ndinaikulunga, matola mpaka ku boma, minibasi mpaka ku Monkey Bay.

Ndinawapeza pampando atawonda, mkono wamanja uli pamiyendo ngati wobwereka. Ndinayala kapeti ija n'kuwaika sizasi m'dzanja. Inagwa. Ndinatola, kuwaikanso, inagwanso. Ndinati ndiye ingokhala yosadula, aziponda podzuka. Koma apongozi awo, akazi a Basil, anandiuza mwaulemu kuti ya timakutu singalowe kuchipinda, chifukwa phazi limene amachita kukoka lija likhoza kukola chala, n'kugwanso. Zinandipsetsa mtima, kamwana kadzulodzulo kundiphunzitsa kapeti yanga yomwe, koma kankanena zoona.

Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, ndikuti manja akhale anga, maso akhale awo. Ndikatsitsa sizasi ankandigogoda paphewa ndi dzanja lamanzere. Mzere woyamba unatheka. Wachiwiri ndinadula mozama, ubweya n'kuthothoka, pakati n'kutsala dazi. Pofuna kulinganiza ndinalumitsa thumba lenilenilo, chibowo choti nkhonya n'kulowa.

Che Enid anandigwira mkono kuti ndileke. Mawu ankatuluka movutikira, mbali imodzi ya kamwa, moti ndinachita kusendeza khutu.

"Che Amida, musadzivute. Kapezeni wina wodula."

Ndinati ayi, dzanja limadzuka, tinawaona ena akugwiranso khasu.

"Nyumba yanga ya ku Lungwena ija ndamuuza Basil agulitse."

Iwo anayamba kusisita pofewa pa mzere woyamba paja ndi chala chimodzi, ine ndikutola tinsalu tothothoka ngati tili ndi ntchito. Apongozi anabweretsa tiyi, anazizira. Kapeti ndinaisiya komweko, poti yobooka ndikanapita nayo kuti?

Nditatsika matola ku Lungwena, amayi a pachitsime anandizinga, kufunsa kuti anzanga ali bwanji, nanga abwera liti. Ndinawauza kuti akupezako bwino, akunenepa, abwera mvula ikatha.