Zitsekerero za Malemu

Thumba linang'ambikira pakhomo penipeni. Zitsekerero za mabotolo zinangoti waa pasimenti, zina n'kugubuduka mpaka pansi pa benchi pomwe mkulu wosoka nsapato anakhala.

"Ukupita nazo kuti?" mkuluyo anamufunsa mwana wake wamkazi.

"Kudzala, Bambo. Mawa ndikubwerera kuntchito. Sindingakusiyeni m'nyumba yodzaza zinyalala."

"Amayi ako agona m'manda masiku asanu okha, zinthu zawo zasanduka kale zinyalala?"

"Si inu nomwe munkati tsiku lina mudzazikwirira?"

Zinalidi zoona. Mkazi wake anaphunzitsa sitandade 3 zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo iye ankatumidwa kukatola zitsekerero kuseri kwa magolosale, anthu n'kumanong'onezana kuti mutu wayamba kumuvuta. Akabwera nazo ankaziphwanya mano ndi hamala, chimodzichimodzi, kuti zisacheke ana zala.

Mwana wake akutolera zitsekererozo, kunamveka odi. Anali mtsikana wa zala zoyera ndi choko, mphunzitsi amene anapatsidwa kalasi ya malemu. Atapepesa za maliro, ananena chomwe anadzera.

"Tafika pa kuchulukitsa, koma ana akungondiyang'ana. Akuti samu imeneyi siyenda popanda zitsekerero za Madamu. Ndimati mwina mungatipatse."

Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, zomwe zinali zogula, zosakonzedwapo.

"Akudwala simunabwere. Lero mwadziwa njira? Ndimakudziwani anthu inu. Mukazitsekera m'kabati, mawa mlonda akagulitsa kwa azitsulo."

"Bambo!"

"Khala chete iwe. Aphunzitsi, tandiuzani. Zitatu kuchulukitsa ndi zinayi, zinayi kuchulukitsa ndi zitatu, yankho n'limodzi. Chifukwa chiyani?"

"Ndi lamulo la masamu, bambo."

"Lamulo! Mphunzitsi wanga ankatero, ndodo ili m'manja. N'chifukwa chake ndinathera pa nsapato zonunkha za anthu."

Anatapa zitsekerero, n'kuziyala patebulo mizere itatu, uliwonse zinayi.

"Mukuona chiyani?"

"Mizere itatu ya zinayi."

"Nyamukani. Musazikhudze. Zungulirani mudzaime mbali iyi."

Mtsikanayo anazungulira tebulo mwamanyazi. Anayang'ana, kenaka anagwira pakamwa.

"Mizere inayi ya zitatu!"

"Chasuntha ndani, inu kapena zitsekerero? Mwana akalakwa, malemu sankamukalipira. Ankangoti, ‘Tazungulira, mwanawe, ukaonere uko.’"

Mwana wake anasiya kutola. "Inu zimenezi munazidziwira kuti?"

"Phunziro lililonse ankayamba wayesera pa ine. Ankati likalowa m'mutu wouma uwu, ndiye kuti kalasi yonse yamva." Anatsokomola, n'kuyang'ana kukhoma. "Tebulo ili ndalizungulira ine kuposa mbuzi yapachingwe."

Mphunzitsi uja anaseka, misozi ili m'maso. "Bambo, bwanji mubwere mawa mudzandionetse pamaso pa ana?"

"Ine m'kalasi? Kuti mukandiseke?" Anasisita chitsekerero ndi chala. "Ndibwera nazo ndekha, ndipo ndibwerera nazo ndekha. Chikasowa chimodzi, mudzandidziwa."

Mlendo atapita, mwana wake analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chikwama chomwe amayi ake anali nacho kuchipatala. Anatulutsamo kampango komanga mfundo.

"Ndinakapeza tsiku lomwe anamwalira. Anamwino anati Amayi ankapempha aliyense wodzaona odwala kuti asataye akamwa. Ndinachita manyazi, Bambo."

Mkuluyo anamasula mfundoyo. Munali zitsekerero zatsopano, mano ake akadali akuthwa.

"Mkazi ameneyu," anang'ung'udza. "Mpaka pano akundipatsabe ntchito."

Anakoka chitsulo chosokerapo nsapato, n'kuika chitsekerero choyamba pamwamba pake.

"Tandipatsira hamala, mwanangu."