Dzanja Lamanja la Agogo Waltraud

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndiye ine Callista sindinadikire kuti andiuze kawiri. Nyimbo ikangodutsa m'khutu mwangamu kamodzi, basi yagwidwa, ndipo pofika madzulo ndimakhala nditaiikira kale alito. Kwathu ku Nkhoma zimenezi ankazitcha mphatso. Kuno ku Perth mphatso yomweyo inandionetsa zinthu zimene mpaka lero ndikazikumbukira thupi limachita tsemwe.

Bambo a kunyumba kwanga anali pasukulu ku yunivesite, ndiye ine ndinapeza ntchito kunyumba ina yosamalira okalamba kufupi ndi Morley. Mwa anthu amene ndinkawasambitsa ndi kuwadyetsa munali agogo Waltraud, mayi wa ku Germany wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi. Anabwera ku Australia pa sitima yapamadzi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, koma ukalamba unali utawalanda Chingerezi chonse, moti ankangong'ung'udza chakwawo. Sitiroko nayo inali itapha dzanja lawo lamanja. Anthu a mafizo analimbana nalo mpaka kutopa, koma linkangogona pabulangete ngati la munthu wina.

Vuto lenileni linayamba atasiya kudya. Ukabwera ndi supuni, iwo milomo tseke, nkhope kukhoma. Ali ndi nzeru zawo anakaniratu zodyetsedwa kudzera m'chubu, choncho dokotala sanazungulire. Anati akapitiriza chonchi, Khirisimasi saiona.

M'mawa wina ndikuwapesa tsitsi ndinamva akuimba chapansipansi. Mawu sindinawamve, koma nyimboyo, abale inu! Inkayamba pansi ngati ikukunong'oneza, kenako n'kumakwera, n'kumakwera, mpaka msana wako umawongoka wokha. Ndinaigwira pomwepo n'kuiyika alito. Agogo anatembenuka, anandiyang'ana m'maso koyamba chiyambireni ntchito, ndipo kukamwa kunatseguka. Ndinalowetsa supuni ya phala, iwo n'kumeza.

Ndinathamangira Kasuba, mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwirira limodzi shifiti, mkazi wa mawu akulu ngati a bambo.

"Iwe Callista, unama," anatero Kasuba. "Ba Waltraud badya? Manje niphunzise na ine iyo nyimbo."

Basi inakhala njira yathu. Ine ndinkatsogola, Kasuba n'kumapolokoza pansi, ndipo chifukwa ndife anthu a kwaya tinaikonza mwakwathu: m'manja pang'ono, kaphazi kumanja, kaphazi kumanzere. Mawuwo tinkangotsanzira mmene ankamvekera. Agogo anayamba kumaliza mbale, masaya anayamba kubwerera, mpaka nesi wamkulu anatiyamikira pamsonkhano. Nyimboyo ndinkaiimba ndikutsuka mbale kunyumba, ndinkaiimba ndikudikira basi.

Mwana wa agogowo, a Rodney, bambo wa imvi wogwira ntchito kumigodi ya kumpoto, anatulukira Loweruka lina masana atangotsika ndege. Nanga mlendo n'kumulandira chimanjamanja? Ndinatsinzinira Kasuba kuti lero tiwaonetse. Tinaiyamba ndi mphamvu zonse, m'manja mukulira. Agogo anadzuka pa pilo, chibwano m'mwamba, maso akuwala ngati a kamtsikana. Titafika pamene nyimbo imakwera kwambiri, dzanja lakufa lija linagwedezeka. Linachoka pabulangete, linakwera pang'onopang'ono likunjenjemera, mpaka linawongoka kutsogolo kuti nga, zala zili pamodzi, chikhatho chikuyang'ana pansi.

Ine ndinaimba nthungululu. Eee, nthungululu yeniyeni ya pachikwati! Kasuba anali akudumpha akufuula kuti Mulungu ni wamukulu. Dzanja limene linakanika madokotala linali m'mwamba ife tikuona.

"Lekani!"

Anali a Rodney. Nkhope yawo inali itayera ngati ufa, maluwa amene anabweretsa ali pansi. Ndinayang'ananso dzanja lija mmene linaimira, ndipo nthungululu inandifera kukhosi. Dzanja loima choncho ndinali nditalionapo pazithunzi za m'kalasi ya histole ku sekondale, pamene khamu la anthu linkalonjera Hitler.

A Rodney anandiitanira panja, pabenchi ya pansi pa jakaranda. Ndinkaganiza kuti ntchito yatha, koma iwo sanakalipe. Anayankhula akuyang'ana nsapato zawo.

Anati agogo awo aamuna, bambo a Waltraud, anakhala zaka osagwira ntchito dziko la Germany litagwa pachuma, mpaka ankachita manyazi kutuluka m'nyumba. Chipani cha Nazi chitabwera chinawapatsa yunifolomu, chinawapatsa ntchito yomanga misewu, chinawauzanso amene ayenera kumuda chifukwa cha mavuto awo. Waltraud analowa gulu la atsikana a chipanicho ali mwana wa pulayimale. Ankapita kumisasa, ankaguba atanyamula miyuni, ankaimba anthu zikwizikwi ndi mawu amodzi. Zipani zina zinaletsedwa, wotsutsa ankangosowa, koma kwa kamtsikanako inali nthawi yokoma kuposa ina iliyonse.

"Pamsewu wawo panali dokotala wachiyuda," anatero a Rodney. "Ndi amene anachiritsa amayi anga chibayo ali khanda. Tsiku limene anthu anaphwanya mawindo a nyumba yake n'kumukokera panja, amayi anga anali m'gulu la atsikana oimirira tsidya la msewu. Ankaimba nyimbo imene mumaimba ija. Dokotalayo ndi banja lake sanabwererenso."

Ndinafunsa kuti kodi mawu ake amati chiyani.

"Musafune kudziwa, mayi. Ine ndinaimvapo kamodzi ndili mwana, amayi anga akuyanika zovala. Atazindikira kuti akuimba anadzimenya mbama pakamwa mpaka kutuluka magazi. Chijeremani m'nyumba mwathu sanachiyankhulepo. Moyo wawo wonse akhala akuithawa nyimboyi. Chonde musadzaiimbenso."

Za Ayuda mamiliyoni asanu ndi limodzi amene anaphedwa ndinaziloweza kuti ndikhoze mayeso, ndipo m'maganizo mwanga anthu ochita zimenezo anali zilombo za nyanga. Sindinkadziwa kuti mmodzi wa oimba awo ndi nkhalamba yopepuka imene ndinkaipaka mafuta kumsana m'mawa uliwonse. Chimene chinandizunguza kwambiri n'choti nyimboyo inali yokoma. Ine ndemwe, munthu wakuda amene anthu amenewo sakanandiyesa munthu, inandiwongola msana.

Ndinakumbuka mayi anga. Nthawi ya chipani chimodzi anali mbumba, ankakwera lole kupita kukavina atavala nsalu ya chipani, pamene mchimwene wawo weniweni anali m'ndende popanda mlandu. Zathu sizinafike pa za ku Germany, ayi ndithu, ndisaname. Koma mpaka ukalamba wawo, akamachapa, nyimbo za nthawi imeneyo zinkatuluka zokha, chiuno n'kumagwedezeka, kenako ankatukwana n'kulavula.

Tinasiya kuimba, agogo nawo anasiya kudya. Tinayesa nyimbo zakutchalitchi, tinayesa zoimbira ana zachijeremani zimene Kasuba anazipeza pafoni, ndinayesa ngakhale zakwathu za chisamba. Iwo nkhope kukhoma. Masaya aja anabwereranso m'kati, milomo inayamba kung'aluka, ndipo powatembenuza ndinkaopa kuti ndiwathyola.

"Manje tizachita bwanji?" anandifunsa Kasuba tili kochapira. "Tingaimbe chabe pang'ono, ba Rodney sibazaziba."

Ndinakana. Mayi ndi wawo, ndipo amene anakula ndi bala limeneli ndi iwo. Koma ndisabise, mtima unkandipweteka, chifukwa mankhwala ndinali nawo pakamwa pomwe munthu akutha ine ndikuona.

A Rodney sanabwererenso kumigodi. Ankafika m'mawa n'kukhala pampando wa pafupi ndi bedi, supuni m'manja, akunyengerera m'Chingerezi chimene mayi awo sankachimvanso. Tsiku lina dokotala atatuluka, anakhala nthawi yaitali atagwira mutu. Kenako anadzuka, anatseka chitseko, anatsekanso windo ngakhale kunja kunkatentha.

"Mayi Callista," anatero, "imbani."

Ndinawafunsa ngati atsimikiza.

"Opanda mawu, opanda m'manja. Ingong'ung'udzani. Dokotala wachiyuda uja sindingamubweze. Koma awa ndi amayi anga, ndipo sindingathe kuwaonerera akufa ndi njala."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, mbali ya kumanja. Dzanja lawo lamanzere, dzanja lalikulu la munthu wa miyala, analiyika pamwamba pa dzanja la mayi awo n'kulipanikiza pabulangete. Ndi linalo anatunga phala.

Ndinayamba chapansipansi, milomo ili chitsekere. Sindinaimbepo nyimbo ndi mantha ngati amenewo, ngakhale pamaliro. Poyamba palibe chinachitika. Kenako nkhope ija inachoka kukhoma, maso anatseguka, ndipo kuwala kuja kunabwerera. Munthu amene anali ataiwala dzina la mwana wake, amene anaiwala mwamuna wake ndi zaka zonse za ku Australia, ankaidziwa nyimbo imeneyi malo alionse pamene imapumira. Ndinazizwa, ndinachitanso mantha. Anthu amene anaiyika mwa iye anafa kalekale, mizinda yawo inapsa, mbendera zawo zinatenthedwa, koma chimene anadzala mwa kamwana kaja chinali chikadali moyo m'chipinda chino cha ku Morley.

Kukamwa kunatseguka. A Rodney analowetsa supuni, agogo anameza. Anatunganso, anamezanso.

Nyimbo itayamba kukwera ndinaona mitsempha ya pamkono wa a Rodney ikutupa. Anawerama, anaika thupi lawo lonse padzanja lija, misozi ikugwera m'mbale ya phala. Ndinafuna kusiya, koma anapukusa mutu kuti ndipitirize.

"Akukankha," ananong'ona osandiyang'ana. "Mayi Callista, akundikankha ndi mphamvu."

Anatunganso phala lina.