Mainchi Awiri a Akazi Anga

"Imani bwino," ndinatero, mapini ali kukamwa. "Mukunyanyamphira."

"Ndani akunyanyamphira? Tayang'anani mapazi angawa."

Ndinayang'ana pansi. Zidendene zonse ziwiri zinali pasimenti, nsapato mulibe. Ndinakokanso tepi kuchokera paphewa mpaka pansi, ndikuwerenga mokweza ngati mwana wasukulu. Nambala yake inali yomweyo imene ndinali nditangoipeza kumene. Akazi anga, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, anali atatalika ndi mainchi awiri.

Ine ndine telala, ndipo tepi yanga sinandinamizepo. Miyezo ya akazi anga ndinali nayo m'kabuku kuyambira chaka chimene tinakwatirana. M'chiuno munkasintha ana akabadwa, koma msinkhu unali womwewo. Tsono iwo anali atakhala miyezi inayi kwa mwana wathu wamkazi, kukamuthandiza atabereka mwana wake woyamba, ndipo ine, posowa wokangana naye, ndinawasokera diresi yobiriwira yoti ndiwalandire nayo. Atavala, mpendero wakutsogolo unakwera mpaka kuonetsa maondo, pamene kumbuyo nsalu inangoti lende ngati thumba.

"Mwayamba kukalamba, bambo," anatero akuseka. "Mwasokera mkazi wina."

Ndinaseka nawo, koma nambala ija sinandichoke m'mutu. Munthu wamkulu amanenepa, amaonda, amafupika akamakalamba. Kutalika ayi. Ndinakumbukira kasitomala wanga wina, woyendetsa basi, amene chaka chilichonse ndinkamukulitsira kolala ndi manja a malaya. Zala zake zinanenepa, chibwano chinatuluka, nsapato zinasiya kumukwana, ndipo pamapeto pake madokotala anamupeza ndi chotupa m'mutu. Suti yomaliza imene ndinamusokera anapita nayo kumanda.

Sindinawauze zimenezi akazi anga. Ndinangoyamba kuwazonda. Akamatsuka mbale ndinkayang'ana zala zawo, akamaseka ndinkayang'ana chibwano. Tsiku lachitatu anandipeza ndikuyeza nsapato yawo yakutchalitchi ndi tepi.

"Kodi mukufuna kugulitsa?"

"Mawa tipite kuchipatala," ndinatero. Atandiyang'ana kumaso, anasiya nthabwala.

Dokotala anali mtsikana wamsinkhu wa mwana wathu. Anamvetsera nkhani yanga yonse, ya woyendetsa basi yomwe, kabuku kanga kali m'manja mwake.

"Bambo, mwachita bwino kubwera," anatero. "Pamsinkhu wa amayiwa mafupa anasiya kalekale kukula. Munthu akaoneka kuti watalika, zifukwa zake n'zowerengeka. Mwina poyamba anayezedwa molakwika."

"Zimenezo iwalani," ndinatero.

Anamwetulira. "Chabwino. Komanso munthu amakhala wamtali pang'ono m'mawa kusiyana ndi madzulo, koma osati mainchi awiri. Ndiye pali matenda mwatchulawo, ngakhale kuti iwo amakulitsa manja, mapazi ndi nkhope kuposa msinkhu. Amayi, mpheteyo imavuka?"

Akazi anga anaivula mosavuta n'kuiika patebulo. Mutu sunkawapweteka, maso ankaona bwino. Komabe dokotala anawatenga magazi ndi kuwajambula msana, n'kutiuza kuti tibwerenso pakatha sabata.

Sabata imeneyo ndinasoka thumba la thalauza la munthu chadodolido, ndinadula manja awiri akumanzere okhaokha. Ndinkaopa, ndipo sindichita manyazi kunena. Pazaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanaganizepo kuti nyumba ija ingakhale yanga ndekha.

Titabwerera, dokotala anayala mapepala patebulo.

"Magazi ali bwino. Msana ulinso bwino, ngakhale minofu yam'khosi ndi m'mapewa ikuonetsa kuti yakhala ikuvutika nthawi yaitali. Amayiwa sanatalike, bambo. Awongoka."

"Awongoka? Anali opindika?"

Dokotala anatembenukira kwa akazi anga. "Kwa mwana wanuko mumachita chiyani chachilendo?"

"Palibe," anatero iwo, maso ali pamphete. "Mwana wanga ankandikakamiza kuyenda m'mawa uliwonse, n'kumandimenya kumsana kuti ndisawerame. Ndiye kumeneko aliyense ndi wamtali. Mpongozi wanga amachita kuwerama polowa pakhomo. Polankhula nawo ndinkadzutsa mutu." Anazunguza mpheteyo pachala. "Mwina ndinangoiwala."

"Munaiwala chiyani?" ndinafunsa.

"Tiyeni tizipita, bambo. Anthu akudikira panja."

Apa ndiyenera kunena chimene ndakhala ndikuchizemba. Ine ndine wamfupi. Kusukulu ankanditcha Kabotolo, ndipo dzinalo linanditsatira mpaka kushopu. Nkhani ya msinkhu sindinkaifuna m'nyumba mwanga, ana ankadziwa.

Titafika kunyumba akazi anga anapita kukhitchini, ine ndinaima pabalaza kutsogolo kwa chithunzi chathu chaukwati. Ndinkachipukuta fumbi mwezi uliwonse, koma tsiku limenelo ndinachiyang'ana ndi maso a telala. Mitu yathu inali yofanana ndendende. Koma diresi yoyera ija, imene ndinasoka ndekha, inali itakwinyika pamaondo, ndipo mpendero wake unali utaunjikana pansi. Nsalu sikwinyika choncho munthu ataima chilili. Mkwatibwi anali atapinda maondo.

Kenako ndinakumbukira. Patangotsala masabata awiri kuti tikwatirane, anabwera kushopu atavala nsapato zazitali, akusangalala. Anzanga amene ankacheza pakhonde anafunsa ngati ndagula kale makwerero. Anthu anaseka, ine magazi anawira. Pomuperekeza ndinayenda patsogolo, ndipo pamphambano ndinamuuza kuti sindingayende ndi mkazi wondiyang'ana paliwombo. Mawuwo ndinawaiwala tsiku lomwelo. Nsapato zija sindinazionenso, ndipo sindinafunse.

Ndinatsegula kabuku kanga. Patsamba la akazi anga, pansi pa manambala, panali mawu amene ndinalemba ndi dzanja langa ndili mnyamata: kumbuyo onjezera inchi, kutsogolo chotsa. Umu ndi mmene timadulira nsalu ya munthu wowerama, telala aliyense amadziwa. Ndinaona kuwerama kuja chaka choyamba, ndinakuyeza bwinobwino, ndinakulemba, n'kumakusokera madiresi okwana bwino zaka zonsezi. Ndinkanyadira kuti palibe amene amawadziwa thupi akazi anga kuposa ine.

Akazi anga analowa ndi makapu awiri a tiyi. Pakhomo la khitchini anali wamtali, khosi lili njo. Ndinawayang'ana akuyandikira. Sitepe iliyonse mapewa ankatsika pang'ono, mutu unkapendekera kutsogolo, ndipo pofika pamene ndinaima maso athu anali pamzere umodzi. Iwo sankadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezo. Chinandilasa mumtima n'chakuti ankamwetulira.

"Khosi limakupwetekani?" ndinafunsa.

"Linazolowera."

"Chifukwa cha zimene ndinanena pamphambano paja?"

Anaika makapu patebulo mosafulumira. "Ndiye mukuzikumbukira? Ine ndinkayesa munaiwala." Anapukuta manja m'chitenje. "Munali mnyamata, bambo. Ndinaona mmene anakusekerani, ndipo ndinkakufunani. Poyamba ndinkachita dala. Kenako thupi linangophunzira lokha."

Ndinafuna kupepesa, koma mawu onse amene anabwera anali aafupi kuposa mlanduwo. Ndinapita kuchipinda chosokera, ndinatenga diresi yobiriwira ija, tepi ndi choko. Ndinatenganso kampando kamene ndimaimikapo ana powayeza mayunifolomu, n'kukaika pakati pabalaza.

"Bwerani ndikuyezeninso. Zonse, kuyambira pachiyambi."

"Tiyi azizira."

"Azizire."

Anaima patsogolo panga, mapewa ali ogwa monga mwa masiku onse. Ndinang'amba tsamba lija m'kabuku, ndinakwera pakampando, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona imvi zimene zinali pakati pamutu pawo. Ndinaika dzanja pakati pamapewa awo n'kukankha pang'ono.

"Imani bwino, mayi," ndinatero.

Anapuma mozama. Msana unawongoka pansi pa dzanja langa pang'onopang'ono, mutu unakwera, ndipo tepi inayamba kutsetsereka m'zala zanga, kudutsa nambala yakale ija.