Chitsulo Chadzimbiri cha a Chagunda

A Dunstan Chagunda anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi m'shopu yokonza mfuti ya a Jerome ku Embakasi, mumzinda wa Nairobi, kuseri kwa magodauni kumene ndege zimadutsa pamutu mpaka malata kunjenjemera. Pa zaka zonsezo sanawayankhepo abwana awo kuti ayi. Sikuti anali amantha. Munthu amene wasunga zida za asilikali ku Zomba zaka makumi awiri amaphunzira kutseka pakamwa, ndipo akakhala mlendo m'dziko la eni amatsekanso kawiri. Ankatsuka mfuti za anthu a malayisensi, kusintha masipuling'i, kuwongola zopindika, n'kubwerera kwawo madzulo ali chete.

Kenako kunabwera oda imene inawasowetsa mtendere. Malo ena osungirako nyama ku Laikipia ankafuna mfuti yaikulu, ya zipolopolo za .404, yoti azinyamula munthu woyenda pansi ndi alendo pakati pa njati ndi njovu. Munthuyo anali Mtisunge, mwana wamkazi wa a Chagunda, mmodzi yekhayo, amene anali atangopambana mayeso a ntchitoyo anyamata asanu atagwa. Mfuti yatsopano ya msinkhu umenewo mtengo wake ndi wa galimoto, choncho anagwirizana zoimanga pa mtima wa mfuti yakale ya asilikali. Mtima umenewu amisiri amautcha akshoni. Ndi chitsulo chapakati chija chimene chimalandira chipolopolo, kuchitsekera, kupirira moto wake, n'kutaya chigoba kuti chilowe china. Chikakana ntchito njati ili pafupi, zina zonse ndi zokongoletsa chabe.

Bokosi linafika ndi mapepala ake onse a ku polisi, muli maakshoni asanu. Awiri anali a mfuti za .303 zimene a Chagunda anakula nazo ku Zomba. Anawasisita mwachikondi n'kuwaika pambali, chifukwa moto wa chipolopolo chachikulu sangaupirire. Wachitatu anali wa ku Germany, wabwino ndithu koma wamfupi, woti kuti chipolopolocho chikwane anayenera kusema chitsulo chambiri pamalo pofunika mphamvu. Anatsala awiri a mtundu wa P14, aakulu, olemera. Wina anali wakuda bii, wonyezimira, wopukutidwa ndi wogulitsa. Winayo anali wofiira ndi dzimbiri, wonyansa, wooneka kuti anagona m'nkhokwe yodontha kuyambira nthawi ya atsamunda.

Lachisanu m'mawa Mtisunge anakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kuchokera ku Roysambu, kumene ankafikira kwa mnzake pa masiku opuma, kudzayezetsa kutalika kwa mkono. Anapeza a Jerome atayala kale wonyezimira uja pa nsalu yobiriwira.

"Ndi uwu, mwanangu," anatero a Jerome m'Chiswahili chawo chothamanga. "Ukadzaunyamula alendo azidzajambula mfuti m'malo mwa njovu."

Mtisunge anaunyamula, anakoka chogwirira chake, chinayenda mosalala. "Adadi, iyi ndiye smart," anatero. "Kapena mukuti bwanji?"

A Chagunda anatenga wadzimbiri uja n'kuuika pambali pa mnzake, pa nsalu yomweyo. A Jerome anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mzee, hiki ni chuma chakavu tu!"

Tsono m'Chiswahili mzee ndi mdala, chuma ndi chitsulo, ndipo chuma chakavu ndi zitsulo zotaya zimene anyamata amatola m'misewu. A Chagunda ankadziwa zimenezo bwinobwino, zaka zonsezi ali ku Nairobi. Koma khutu la Mmalawi silisintha. Anamva mawu oti chuma, mtima wawo unavomera.

"Mwanena zoona, bwana," anatero. "Kwathu chuma ndi ng'ombe, ndi munda, ndi zimene munthu amasiyira ana ake. Ndiye mwachitchula bwino."

Mtisunge anaphimba kumaso ndi dzanja. Ankawadziwa bambo ake: akayamba kunena za kwathu pamaso pa anthu a ku Kenya, nkhani imatalika. Koma ulendo uno sanatalikitse. Anadula chingwe, anamanga akshoni wadzimbiri uja, atachotsa zonse zogwedera, n'kuulendewetsa pa msomali wa pa mtanda wa denga. Kenako anapita pa shelefu n'kutenga supuni yawo ya tiyi.

Izi sanaphunzire ku usilikali. Anaziona kwa amayi awo pa msika wa Lunzu, amene sankagula mbiya asanaigogode ndi chala, ngakhale woumba atalumbira motani. Mbiya yabwino imayankha. Yong'aluka, ngakhale mng'aluwo usaoneke, imangoti phu.

Anagogoda. Chitsulo chonyansacho chinalira ngwee, kulira koyera, kotalika, kumene kunazungulira shopu yonse n'kutha pang'onopang'ono. Anachitsitsa, anamanga chonyezimira chija, anagogoda pamalo omwewo. Chinangoti thi. Anagogodanso. Thi.

"Ndi utoto umenewo," anatero a Jerome, koma kuseka kunali kutatha. "Wogulitsa wandipatsa pepala loti anachiyeza. Mzee, ine ndine mwini shopu, ndipo kasitomala akufuna chinthu chooneka bwino. Timanga pa ichi. Supuni si makina."

Apa ndiye panali povuta. Chilolezo chawo chogwirira ntchito m'dzikomo chinali m'dzina la shopu imeneyi, ndipo a Chagunda ankadziwa kuti pa msinkhu wawo palibe wina angawalembe. Anayang'ana mwana wawo. Anali atavala nsapato za m'tchire, mikono yake itada ndi dzuwa la ku Laikipia, koma iwo ankaona kamtsikana kamene ankakanyamula pakhosi popita ku tchalitchi. Mantha anawagwira, ndipo mkwiyo unabwera pambuyo pake.

"Ayi, bwana," anatero. Mawuwo anatuluka okhuthala chifukwa chosazolowera. "Chitsulo ichi sindimangapo. Mukafuna, pezani mmisiri wina, koma mwana wanga sadzachinyamula. Ndipatseni petulo wa m'kapu imodzi, kenako mundichotse ntchito ngati ndanama."

Ndege ina inadutsa pamutu. Itapita, a Jerome anatuluka okha n'kukapopa petulo m'njinga yawo yamoto. Ankafuna kuti mkuluyu achite manyazi pamaso pa mwana wake, aphunzire.

A Chagunda anaviika mutu wa chitsulo chonyezimira chija m'petulo, anachipukuta mpaka kuuma, n'kupakapo choko chopera. Anadikira. Poyamba panalibe kanthu, ndipo Mtisunge anayang'ana pansi, akuwamvera chisoni bambo ake. Kenako pa choko choyeracho panayamba kutuluka kamzere konyowa, kopyapyala ngati tsitsi, kochokera pakamwa pamene pamalowa mpope wa mfuti n'kutsika chammbali. Petulo amene anabisala mu mng'alu anali kubwerera kunja. Winawake kalekale anachotsa mpope wakale mwankhanza, chitsulo chinang'aluka, ndipo wina anadzapukuta n'kudetsa pamwamba pake.

A Jerome anachiyang'ana nthawi yaitali. Anali munthu waphokoso koma sanali chitsiru, ndipo ankadziwa chimene chipolopolo cha .404 chikanachita pa mng'alu umenewo, nkhope ya munthu ili pomwepo. Anachinyamula, anachipanikiza pa chopanira zitsulo, n'kuchidula pakati ndi sowo kuti wina asadzanyengedwe nacho.

"Mangani pa chuma chanucho," anatero, osawayang'ana.

Ntchito inatenga masabata asanu ndi awiri. Dzimbiri litachoka, pansi pake panali chitsulo chotuwa, chopanda bala. A Chagunda anasema makutu aakulu achitsulo amene ankateteza choyang'anira cha asilikali koma ankangokola zovala, anamanga mpope watsopano, anasema mtengo molingana ndi phewa la Mtisunge osati la mwamuna wamtali wa m'kabuku. Koma masabata awiri athunthu anathera pa chinthu chimene palibe mlendo adzachijambule: njira imene chipolopolo chimadutsa pokwera kulowa mu mpope. Ankapala kamodzi ndi tupa, n'kuyesa ndi zipolopolo zopanda wonga. Ankakoka mofulumira, ankakoka mwaulesi, ankakoka mfuti itazondoka. Tsiku lina a Jerome anawapeza akuthira fumbi la mumsewu m'kati mwa ntchito yawo yomwe, ndipo anangogwedeza mutu n'kubwerera mu ofesi.

Kumalo oyesera mfuti anaiwombetsa kaye ndi chingwe, iwo ali kuseri kwa khoma, monga mwa lamulo la ntchitoyo. Kenako Mtisunge anatambasula manja kuti ailandire, koma bambo ake anakana. Anaiika paphewa lawo lokalambalo n'kuwombera kasanu, mfuti ikuwakankha ngati ng'ombe yokana goli. Phewalo linatupa sabata yonse, ndipo akazi awo a Lenah anawathowa ndi madzi otentha uku akuwanena kuti ukalamba wawalowa m'mutu. Iwo sanadandaule. Atatsimikiza, anaipereka kwa mwana wawo ndi manja awiri, ndipo iye anapinda mawondo poilandira, chinthu chimene anali atasiya kuchita kuyambira ali ku sekondale.

Panapita miyezi inayi. Lachiwiri lina masana a Chagunda anali pa kibanda, kalesitilanti ka mayi wina pafupi ndi shopu, akudya chapati ndi nyemba, pamene foni inalira. Anali Mtisunge. Sankaimba masana, nthawi ya ntchito.

"Adadi, mwaswera bwanji?"

Mawu ake anali osalala kwambiri, ndipo a Chagunda anasiya kudya. "Chachitika n'chiyani?"

"Ndili bwino, musadandaule. Tonse tili bwino. Inali njati yamphongo, yokalamba, inali ndi bala la msampha pamwendo. Inatulukira m'zitsamba, mwina masitepe khumi ndi asanu. Kumbuyo kwanga kunali alendo anayi, wina mayi wachikulire woti sangathamange. Ndinakuwa, sinaime. Chipolopolo choyamba chinailasa koma inabwerabe. Chachiwiri inagwa. Adadi, inagwera pamapazi anga, dothi lake linandithira m'maso."

A Chagunda anagwira m'mphepete mwa benchi. Ankafuna kunena zambiri, kuthokoza Mulungu, kumukalipira, kumuuza kuti asiye ntchitoyo abwere kunyumba lero lomwe. Pakamwa panakana zonsezo, ndipo chimene chinatuluka chinali funso la mmisiri.

"Chachiwiricho chinalowa bwanji?"

Kumbali inayo Mtisunge anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira. "Sindinachimve n'komwe, adadi. Ndinangokoka, chinali kale m'kati. Akuluakulu a kuno aizungulira mfutiyi, akufunsa kuti inachokera dziko liti. Ndawauza kuti anapanga ndi bambo anga."

Foni itaduka, a Chagunda anakhala pa benchipo misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta. Mayi wa kibanda anabwera mothamanga, akufunsa ngati kwagwa maliro. Amakanika awiri amene ankadya pambali anasiya masupuni.

"Hapana, si maliro," anatero a Chagunda, akuimirira, chifuwa chili patsogolo. Chiswahili chonse chinawathawa, ndipo anawauza anthu a ku Embakasi aja m'Chichewa, mokweza, ngati onse anabadwira ku Lunzu: "Mwana wanga ali moyo. Waimitsa njati, mwana wamkazi, ndi mfuti yopanga ine ndi manja awa!"