Mwaye wa Pazenera la Khitchini

Bokosilo anandigulira ndi Kettie, mwana wanga. Anati munthu wofedwa asamangokhala manja lende. Analipeza pa shopu ya tisitima toseweretsa ku Partick, kufupi ndi kwawo. M'katimo munali tizidutswa ta pulasitiki: makoma, mazenera, chitseko, denga. Pachithunzi cha pabokosi panali kanyumba ka mkulu wa siteshoni, koyera mbee ngati simunagonemo munthu.

Njanji ndinali nayo kale. Ndinaiyala pa thabwa m'chipinda chimene make Kettie ankasokeramo, mu fulati yathu ya ku Govan, kuno kutsidya la nyanja. Kasitima kankangozungulira popanda poima.

Ndinamanga pang'onopang'ono, khoma limodzi, guluu aume, kenako lina. Denga la m'bokosi linali la masileti, timiyala tafulati tofolera nyumba za kuno. Ndinalisiya. Ndinadula mbale ya aluminiyamu yogulitsiramo chakudya, nkuipsinja pa chipeso mpaka inatuluka mizere ya malata. Kettie atabwera anaomba m'manja.

"Adadi, yakongola. Musaikhudzenso."

Nyumbayo inali isanathe. Ine ndinkafuna ya ku Balaka, ku malayini a anthu a njanji, kumene tinkakhala Kettie ali wamng'ono. Nyumba imeneyo sinali yoyera.

Ndinayamba kuikalambitsa. Misomali ndinainyika mu viniga, m'kapu, kuti itulutse dzimbiri la padenga. Makoma ndinawapaka tiyi wakuda. Ndinatola chibanthu cha njerwa kufupi ndi kumene amakhoma zombo, nkuchipera ndi supuni. Fumbi lake ndinalipaka m'munsi mwa khoma, pamene madzi a m'malata amathovukira ndi dothi. Galasi limodzi ndinaliswa ndi singano, pabowopo nkumata kakatoni.

Panali zinthu zina zimene sindinauze munthu. Tsiku lina ndinatsika Subway, sitima yapansi pa nthaka, ku Hillhead, nkuima pamsewu osadziwa chimene ndadzera. Tsiku lina ndinagwira ketulo dzina lake osabwera. Achimwene anga a Ezekiel anayamba chonchi. Anamwalira akufunsa ana awo kuti ndinu ayani.

Ndipo kuntchito kwa Kettie ndinafikako. Amasamalira okalamba. Chitseko chake chimatseguka ndi manambala amene okhalamo sauzidwa. Anthu amakhala m'mipando kuyang'ana wailesi ya kanema, bulangete pamaondo. Bambo wina anandigwira mkono nkundifunsa ngati basi yabwera. Malowo ndi aukhondo, anthu ake ndi achifundo. Ndinatuluka osacheuka.

Chotsala pa kanyumbako chinali mwaye. Pamwamba pa zenera la khitchini ku Balaka panali bala lakuda, la utsi wa mbaula ya make Kettie. Ndinayesa penti yakuda, inkawala ngati nsapato. Mwaye umafuna mwaye. Ndinayatsa kandulo, nkugwira sosa pamwamba pa lawi mpaka inada bii, nkumakokola mwayewo ndi kabulashi. Zinkayenda bwino. Bala linakhala ndendende mmene ndinkalionera m'mutu.

Alamu ya utsi inalira ndili pa sosa yachiwiri. Inali isanakwane nthawi ya chakudya cha masana. Ndinakwera pampando kuti ndiizimitse, batani osalipeza. Mayi Thomson a khomo loyang'anana ndi langa anagogoda, nasuzumira, nanunkhiza, nkubwerera foni ili kukhutu. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti ali ndi nambala ya Kettie. Sindinawapatse ndine.

Kettie anafika ndi yunifolomu, jekete osamanga. Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino. Anayenda m'khitchini mwakachetechete, akuyang'ana chinthu chimodzichimodzi, ndi maso amene amagwira nawo ntchito.

"Mu kapu muno muli chiyani?"

"Misomali."

"Mwamwako?"

"Ayi."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndikanachita dzimbiri."

Sanaseke. Anatsegula mbale ya shuga napeza fumbi la njerwa. Anatembenuza sosa, zala zake zinada. Anayang'ana mpando umene ndinakwerapo.

"Adadi, lero ndi lachingati?"

"Funsa foni yako."

"Ndikufunsa inu."

"Sindine wodwala wako."

Ndinayankha choncho chifukwa cha mwano, inde. Komanso m'mutu munali Lachitatu ndi Lachinayi, onse awiri, ndipo sindinadziwe loti nditenge.

Analowa m'chipinda cha njanji. Ndinamva mapazi ake ataima. Nditamutsatira ndinamupeza atagwira pakamwa.

"Mwaiononga," anatero ndi mawu apansi. "Inali yabwinobwino. Mwaipaka zinyalala, mwaswa galasi." Anapuma. "Kuntchito tili ndi mayi wina, amaluka juzi mpaka kumaliza, kenako nkuimasula yonse. Akamufunsa amati si iye."

"Ine ndi ine."

"Kandulo masana, adadi. Misomali m'kapu ya tiyi. Mukanagwa pampando paja akanakutolani ndani?" Anapukuta zala pa yunifolomu. "Simungakhalenso nokha muno. Kwathu masitepe simungawathe, ndipo ine ndimachoka m'mamawa. Ndilankhula ndi abwana anga akupezereni malo kuntchito kwathu. Ndizikuonani tsiku lililonse."

Ine kufotokoza sindinazolowere. Make Kettie ndiye ankandilankhulira, kutchalitchi, kuchipatala, kulikonse. Ndinatenga galasi lokulitsa zinthu limene ndimagwiritsa ntchito pomata, nkumupatsa.

"Yang'ana bwino."

"Ndaona kale."

"Gwada. Uyang'ane ngati waima panjanji."

Anandiyang'ana kaye, kenako anagwada. Anayamba ndi denga, mizere ya dzimbiri yotsika kuchokera pa misomali. Anatsikira pakhoma. Anafika pa kanjira ka chiswe kamene ndinakoka ndi ulusi wonyika m'fumbi la njerwa, kokwera pakona. Pa galasi loswekalo anakhalitsa.

"Ili ndinaswa ndine," anatero.

"Eya."

"Ndinkagenda mango." Anaseka pang'ono, mphuno ikutota. "Amayi anamata katoni ya sopo. Anati mudzagula galasi mwezi ukatha."

"Mwezi sunathe."

"Mpaka tinasamuka." Anakhala pansi, pakapeti. "Ndiye mwachitira dala zonsezi? Bwanji osanena?"

"Sunafunse. Unafunsa za tsiku."

Ndinaganiza zokatereka madzi a tiyi. Iye anali akuzungulirabe kanyumbako ndi galasi lija, akumwetulira. Kenako kumwetulirako kunachoka.

"Koma mwaye mwauika kolakwika."

"Ayi."

"Khitchini inali mbali ya mpopi. Uku kunjanji kunali kuchipinda kwanu."

"Unali mwana."

"Ndinkatsuka mbale pampopipo, adadi. Amayi ankandipatsira mapoto pazenera."

Ndinatseka maso. Ndinaona make Kettie pazenera, utsi ukutuluka pamwamba pa mutu wake, kumbuyo kwanga sitima ya katundu ikudutsa. Ndinali wotsimikiza. Kenako ndinamuonanso, pazenera lomwelo, koma pansi pali matope a pampopi ndi ndowa. Zithunzi ziwiri, ngati masiku awiri aja. M'nyumba imeneyo ndinakhalamo zaka zambiri. Ndinkalowa ndi kutuluka mumdima osagunda kanthu.

"Imbira amalume ako," ndinatero.

"Zisiyeni. Si nkhani."

"Imba."

A Eneya, mlongo wake wa make Kettie, akadali ku Balaka. Anayankha ali pamsika, phokoso lili kumbuyo, ndipo ndinawapempha kuti apite ku nyumba yathu yakale ija.

"Alamu, mwayamba kugula nyumba za njanji tsopano? Mundiuze ndikhale woyang'anira."

"Mungoijambula. Mbali zonse."

"Anthu ake akandiyesa wakuba mudzandiombola ndinu."

Anati akwera kabaza. Tinadikira. Kettie anataya viniga, natsuka kapu kawiri, nakhuthulira fumbi la njerwa m'botolo, nkulembapo dzina. Ine ndinakhala pampando kuyang'ana kanyumbako. Kunja kunkawaza mvula ya kuno, yosamveka padenga. Ndinayesa kuyenda m'nyumba ya ku Balaka m'maganizo, kuyambira pakhonde. Pabalaza ndinadutsa bwino. Pamene pamayenera kukhala chitseko cha khitchini panalibe kanthu, mbee ngati chithunzi cha pabokosi.

Foni inalira, zithunzi zafika. Kettie anayang'ana, nkuitembenuza pa tebulo.

"Ndipatse."

Nyumbayo ilipo. Anaipaka penti yobiriwira, mtengo wa mango anadula. Koma mwaye suphimbika. Bala lija linkaonekabe pansi pa penti, pamwamba pa zenera, ndipo kutsogolo kwake kunali mpopi, mwana wina akutunga madzi. Mbali ya njanji khoma linalibe kanthu.

Ndinabweza foni.

"Aliyense amaiwala," Kettie anatero. "Ndi kalekale."

"Ketulo si yakalekale."

"Ketulo yatani?"

Ndinamuuza. Za ketulo, za ku Hillhead. Zinatenga mawu ochepa kuposa mmene ndinkaopera. Iye anangomvetsera, maso ali pa kapeti. Nditamaliza ndinapisa m'thumba, nkutulutsa machesi, nkuwaika m'dzanja lake.

"Kwa dokotala ndipita. Undiperekeze."

"Chabwino."

"Koma muno sindichoka. Nyumba sinathe."

"Mmene mumamangira inu idzatha ine ndili ndi ndodo."

"Ndiye bwino."

Anatembenuzatembenuza bokosi la machesi m'dzanja.

"Timve kaye za dokotala," anatero. "Pakadali pano kiyi wina akhala ndi Mayi Thomson. Pampando simukweranso. Kandulo muziyatsa ine ndilipo."

"Mayi Thomson amalankhula kwambiri."

"Wina ayenera kulankhula m'nyumba muno."

Sanalonjeze zoposa pamenepo, ndipo ine sindinapemphe.

Ndinanyowetsa thonje nkuyamba kupukuta mwaye wa mbali ya njanji. Sunachoke wonse. Unalowa m'mizere ya njerwa, nkusiya mthunzi. Kettie anatsegula zenera la chipindacho, mphepo yozizira inalowa. Anayatsa kandulo pafupi ndi zeneralo, nagwira sosa pamwamba pa lawi, mkono atautambasula ngati akuopa kupsa.

"Tsitsa pang'ono," ndinatero. "Ikhudze nsonga ya moto."

Sosa inayamba kuda. Anaibweretsa. Ndinatembenuza kanyumbako, nkuviika kabulashi mu mwaye. Dzanja linaima m'malere. Mazenera anali awiri kumbali imeneyo.

"Kettie."

"Adadi."

"Liti?"

Anagwira dzanja langa nkulisuntha pang'ono kumanzere.