Chingwe Chinapita kwa Enelesi

"Kakuyaka koma sikakumva!" anakuwa Sungani, atagwada pamkeka ndi laputopu yake.

Kanali kabolodi kobiriwira, kochepa ngati bokosi la machesi, komwe mtsikanayu anakonza kusukulu ya zamagetsi. Ati kaziyatsa kokha pampu m'dimba nthaka ikauma. Masana omwewo ankayenera kukakaonetsa ku Boma, kwa anthu osankha okaphunzira ku Lilongwe, koma pulogalamu yomaliza inakana kulowa.

Anasintha batire. Anayeza moto ndi kamita kake, unali wokwana. Anadina kabatani, kuzimitsa laputopu, kuyatsanso. Laputopu osakaona n'komwe.

Bambo ake, a Gibson, anali pampando kusoka nsapato yosang'ambika. Munthu wamkulu ndevu mbuu, maso pansi ngati galu wakuba mazira. Ankadziwa iwo! Lachitatu anatenga chingwe cholumikizira kabolodiko n'kukapatsa mlongo wawo Enelesi kuti azitchajira foni, n'kuikapo china chakuda chimodzimodzi cha pa Lizulu. Ati chingwe ndi chingwe. Tsono Enelesi ndi akazi awo, a Selestina, chaka chachitatu ichi osapatsana moni, chikanganirane malire a dimba, ndipo a Gibson analumbira kuti phazi lawo silidzaponda kwa Enelesi.

"Amayi, dzulo munapukuta patebulo ndi nsanza yonyowa?" anafunsa Sungani.

"Ndiye nyumba isanduke khola chifukwa cha kachitsulo kako?"

"Mwakapha! Miyezi inayi ndikuvutika nako!"

A Selestina, mkazi wosagonja ngakhale pamsika, ulendo uno anagonja. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale ya mpunga wouma.

"Ndinamva kuti foni ikanyowa amaikwirira mumpunga," anatero motsitsa mawu. "Undikhululukire mwanangu, ine kusukulu sindinapite."

Apa a Gibson singano inawabaya chala, osamva n'kuwawa komwe.

"Iwe Sungani," anatsokomola, "kodi zingwezi zimasiyana?"

"Eya ababa. China chimangodutsitsa moto, china chimanyamulanso pulogalamu. Koma changachi..." Anachitembenuza, nachipinda ndi zala. "Ichi si changa."

A Selestina anaika mbale pansi pang'onopang'ono.

"Bambo a Sungani, nsapatoyo yakwana. Chingwe chili kuti?"

"Chili kwa achemwali."

"Achemwali ati? Muli nawo angati?"

"Enelesi."

"Ohoo! Ine kupepesa mwana wobereka ndekha, inu muli phee kuboola nsapato yabwinobwino! Ndiye kumeneko mumapita? Mapanga awiri avumbwitsa, a Phiri, lero mvula yakunyowetsani!"

"Ndimati n'zofanana, amayi."

"Zofanana! Inenso ndi Enelesi ndife ofanana, poti tonse timavala chitenje? Kwezani mwana panjinga, mukatenge chingwecho, mukamusiye pamsewu. Zanga ndi inu mudzazipeza, sizivunda."

Kwa Enelesi, pakhonde pomwepo, Sungani analumikiza chingwe chake. Kanyali kanaphethira kangapo, pulogalamu n'kulowa ngati madzi mumchenga. Sanaseke. Analongedza, nakhala pakaliyala mpaka pamsewu.

Minibasi itaima, a Gibson anayamba, "Mwanangu, ine..."

"Ine ayi, ababa. Amene ndawakalipira popanda chifukwa ndi amayi. Mukawauze kuti ndalakwa."

Minibasi inapita. A Gibson anatembenuza njinga, koma sanakwere. Anaikankha wapansi njira yonse, uthenga wa mwana uli pakamwa, wawo wokapepesera akazi awo asanaupeze.