Nsalu Yachikasu ya ku Nkhudzi

Rahma ankaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina ku Mangochi. Sabata yonse ankafotokozera ana a Folomu 4 za buku lakale la ku Amereka, momwe mtundu wachikasu umaimira chinyengo: kunja kuwala ngati golide, m'kati zowola.

Loweruka anapita ku Nkhudzi kukaona Abiti Shafi, mayi a Bilal, mwamuna amene ankayembekezera kukwatiwa naye. Mayiwo anatulutsa nsalu yoti Rahma adzavale pa tsiku la ukwati. Inali yachikasu ngati mango akupsa.

Rahma anaiyang'ana nsaluyo n'kukumbukira buku lija. Ana ake a sukulu anali atalonjeza kudzabwera ku ukwatiwo, ndipo ankawadziwa bwino pa nkhani ya kuseka. Koma nsalu ya apongozi angaikane bwanji?

"Amayi," anatero atagwada, "kusitoloko kunalibe mtundu wina?"

Abiti Shafi anaseka mpaka kutsokomola. "Inalipo yambiri, mwanangu, koma maso angawa anatha. Zofiira, zobiriwira, zonse ndimaziona ngati utsi. Chikasu chokha ndimachiona patali. Asodzi samangirira chigubu chachikasu pa ukonde kuti usawasowe? Patsikulo bwalo lidzadzaza. Mukufuna ndidzavinire mkazi wa eni ake?"

Rahma anaitenga nsaluyo n'kuifunda. Anawo adzaseke mmene angafunire. Anayenda mpaka kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi khola la mbuzi, n'kutembenuka.

"Mukundiona, amayi?"

"Ndikukuonani bwinobwino! Koma chokanipo pamenepo, mbuzizo zimadya nsalu."